Kusaka bwana amene sakufuna ntchito: mmene mungatengere munthu wamkulu pa kampani ina kuno ku Tete

Mukamata pepala pa geti kapena kuponya pa Facebook kuti tikufuna mkulu wa za ndalama, ma CV abwera ndithu mpaka tebulo kudzaza, koma munthu amene mukumufunadi uja salemba nawo. Ali pantchito. Ali ku Moatize, kapena ku Songo, kapena pa fakitale ya fodya mu Tete muja, mwezi ukatha akulandira bwinobwino ndipo zotsatsa ntchito sawerenga nkomwe. Ndiye ngati mukumufuna muyenera kumulondola nokha, kumuyankhula mwakachetechete mpaka avomere kusiya kumene aliko. Ndi zimene a mmaofesi amati headhunting, ndipo si za makampani a ku Maputo okha ayi, ngakhale inu amene muli ndi matiraki 12 pa Moatize kapena depoti yogula soya ndi chimanga ku Ulongwe mutha kuchita.

Koma osati pa ntchito iliyonse. Dalaivala, mlonda, kalaliki wa pa sikelo, lengezani basi anthu abwere. Kusaka munthu nkwa mipando ija yoti wokhalapo akalakwitsa kamodzi kampani yonse imamva kuwawa: woyang'anira ndalama, shefe wa garaja, mkulu wa zogulagula, woyendetsa depoti inu mukachokapo.

Choyamba, lembani vuto, dzina la udindo libwera pambuyo

Ambiri amayamba ndi kunena kuti ndikufuna manejala. Manejala wa chani? Tengani pepala mulembe zinthu zitatu kapena zinayi zimene zikukusowetsani tulo panopa, ndi mmene mukufuna zidzakhalire pakatha chaka. Mwachitsanzo matiraki akumagona pa Zobue chifukwa mapepala a kasitomu sanakonzeke, dizilo akutha mosadziwika bwino, makaniko akugulitsa speya imodzi kawiri kwa inu nomwe. Mukalemba choncho muona nokha kuti simukufuna wa tayi wodziwa kuyankhula pa miting'i, mukufuna munthu amene anayang'anirapo matiraki ambiri pa msewu wa Beira ndi Blantyre, amadziwana ndi a despachante, okonza mapepala a kasitomu aja, ndipo akayang'ana pepala la mafuta ndi makilomita amadziwa pamene dalaivala wanama.

Pa pepala lomwelo lembaninso zimene munthuyo adzaloledwa kugamula yekha. Adzatha kuchotsa munthu ntchito? Adzasayinira ndalama mpaka zingati osakufunsani? Apa mpamene makampani a pabanja amagwera, bwana akufuna munthu wodziwa koma kiyi sakufuna kupereka, ndipo mlamu wake amene ali pa kashiya sakhudzidwa ngakhale ndalama zizisowa. Ngati simunakonzeke kusiyako mphamvu, lekani, musamuvutitse mwana wa eni ake. Ndipo ikiranitu malire a malipiro musanayimbe foni ngakhale imodzi, chifukwa mukamukonda munthu pamaso mudzalonjeza zimene thumba silingakwanitse.

Chachiwiri, dziwani kumene anthu oterewa ali

Tete ili ndi mwayi umodzi, zaka za malasha zinasiya anthu ophunzitsidwa bwino. Kampani ya Vale inayamba kutulutsa malasha ku Moatize mu 2011, chaka chomwecho Rio Tinto inagula Riversdale nkutenga mgodi wa Benga, mu 2014 Benga inapita kwa ICVL ya ku India, ndipo mu 2022 Vale inagulitsa mgodi wake kwa kampani ya Vulcan. Mwini akasintha anthu amagwedezeka, ena amachotsedwa, ena amatsala koma mtima uli panja, ndiye pali anthu ambiri amene anaphunzira za chitetezo pantchito, kugula katundu mwadongosolo, kukonza makina akuluakulu asanafe, amene lero ali mmakampani ang'onoang'ono otumikira migodi kapena anangobwerera kwawo kukalima.

Ku Songo kuli HCB, kampani ya magetsi ya damu la Cahora Bassa, kumeneko nkwa mainjiniya ndi a zamagetsi, koma kunena zoona wa kumeneko kumusuntha ndi ntchito yaikulu, anakhazikika. Pa zaulimi yang'anani amene anagwirapo mu fodya, makamaka oyang'anira alangizi ku Angonia, Macanga ndi Chifunde pansi pa Mozambique Leaf Tobacco, awa amadziwa kubwereketsa feteleza ndi kutolera ngongole, amadziwa mfumu yoyamba kuyendera, amadziwa msewu umene umafa mvula ikagwa. A za ndalama ali mmabanki ndi mmabungwe othandiza anthu, kumene anazolowera kuti ma odita amabwera chaka ndi chaka kudzafufuza lisiti iliyonse.

Ndipo musathamangire wamkulu weniweni. Yang'anani wachiwiri wake. Wamkulu uja ali pabwino kale, galimoto ali nayo, inu simungamupatse chimene alibe. Wachiwiri ndi amene amagwira ntchito yeniyeni, wakhala akudikira mpando zaka zambiri ndipo pamwamba pake pali munthu wochokera kunja kapena wa ku Maputo amene sakuchoka posachedwa. Ameneyu ndi amene angakumvereni.

Chachitatu, funsani anthu amene amawaona akugwira ntchito

LinkedIn ithandiza pang'ono pa mainjiniya ndi a mmabanki, koma anthu ambiri abwino kuno alibe, kapena anatsegula kalekale nkuyiwala pasiwedi. Maina enieni ali mkamwa mwa anthu. Pitani kwa wogulitsa matayala ndi ma speya, kwa a despachante a pa Calomue kapena pa Cuchamano, kwa manejala wa banki yanu, kwa kontabilista amene amakutsekerani mabuku. Aphunzitsi a ku Instituto Superior Politécnico de Tete ndi a ku sukulu ya zaulimi ya UniZambeze ku Ulongwe amadziwanso kuti mwa ana amene anawaphunzitsa kale ndani anakwera.

Kafunsidwe ndi kofunika. Mukati mukudziwako munthu wofuna ntchito, akupatsani mphwawo amene ali pakhomo. Funsani chonchi: pa makampani onse amene mumagulitsako matayala, ndi shefe uti wa garaja amene amakuvutani kwambiri pa mtengo koma amalipira pa tsiku lake, ndipo sanakupempheniko ya fanta? Wogulitsa amaseka kaye, kenako amatchula dzina. Dzina limene mwalimva kwa anthu awiri kapena atatu osadziwana, lembani mzere pansi pake. Musanene kuti ndi inu mukufuna kulemba munthu, nenani kuti mukufuna malangizo, chifukwa nkhani ikangotuluka mawa lake antchito anu omwe amva kuti abwana akusaka wina.

Sonkhanitsani maina 8 kapena 10, amene mudzakumane nawo akhale atatu kapena anayi. Osakhala mmodzi. Ichi ndi chimene chimasiyanitsa kusaka munthu ndi kulembana pachibale kapena za padrinho zija, pali pepala la zofunika limene munalemba musanadziwe dzina lililonse, ndipo pali anthu oti muwayerekeze.

Nanga muchite nokha kapena mulembe kampani yosaka?

Makampani osaka anthu alipo, ambiri ali ku Maputo. Kawirikawiri amalipiritsa gawo la malipiro a chaka choyamba a munthuyo, pena limodzi mwa magawo asanu, pena mpaka limodzi mwa atatu. Ena amalandira pokhapokha munthu akalembedwa, ena amafuna muyambe mwapereka ina, ina pakati, yotsala kumapeto. Mukapita njira imeneyi onani chiphaso chawo cha ku unduna wa za ntchito, ndipo mu mgwirizano mulembedwe kuti munthuyo akachoka mmiyezi yoyambirira akusakirani wina ulere. Wolipira ndi inu olemba ntchito, aliyense amene akupempha ndalama kwa wofunidwayo ndi wakuba basi. Ubwino wawo ndi woti dzina lanu limabisika mpaka mochedwa. Kuipa kwake, wa ku Maputo sadziwa kuti Tsangano ndi mzinda wa Tete zili ngati maiko awiri osiyana, atha kukutumizirani munthu wabwino amene atathawe mwezi wa June kuzizira kukayamba. Kwa kampani yaing'ono ine ndimaona kuti ndi bwino kusaka nokha.

Chachinayi, kugogoda koyamba

Apa mpofunika ulemu ndi chinsinsi. Osayimba pa foni ya ku ofesi kwake, osalemba pa imelo ya kampani yake, osamupitira pa geti. Pezani nambala yake yeniyeni kudzera kwa munthu amene nonse mumamulemekeza, akhale ngati nkhoswe, ayambe wamuuza kuti pali bambo wina akufuna kukuyankhulani, ndingawapatse nambala? Akavomera, tumizani uthenga waufupi pa WhatsApp madzulo ataweruka, wonga uwu:

"Mwaswera bwanji bambo. Ndine uje, ndili ndi kampani ya matiraki kuno ku Moatize. Dzina lanu ndalimva kwa anthu awiri osiyana pa nkhani ya kayendetsedwe ka garaja. Pali nkhani imene ndikufuna ndimve maganizo anu, si ya pafoni. Mungapezeko kanthawi Loweruka? Zikhala pakati pa inu ndi ine."

Basi. Osatchula malipiro, osapempha CV, osanyoza kampani imene ali. Munthu wamkulu ukamupempha CV pa uthenga woyamba amaona ngati wamuika pa mzere ndi ana omaliza sukulu. Akati ayi zikomo ndili bwino kuno, thokozani, ndipo mufunseni ngati akudziwa wina wogwira ntchito ngati iye, nthawi zambiri dzina labwino limachokera kwa amene wakana. Malo okumanira musankhe mosamala, Tete ndi yaing'ono, mukakhala pa lesitilanti yodziwika mphepete mwa Zambezi Loweruka masana ndiye kuti Lolemba bwana wake wamva.

Chachisanu, pokumana mverani kuposa kuyankhula

Kukumana koyamba si intavyu. Iye sanapemphe kanthu, ndi inu mukupempha. Mufotokozereni vuto lija munalemba pa pepala, mosabisa, nkumufunsa kuti inuyo mukanayambira pati. Mmene akuyankhira muona ngati akudziwadi ntchito, wodziwa amayamba kukufunsani mafunso, matiraki ndi a mtundu wanji, mafuta mumathira kuti, amasunga makiyi a sitolo ndani.

Kenako fufuzani chimene chikumuwawa kumene aliko, chifukwa pa ndalama zokha simungapikisane ndi mgodi kapena banki, musadzinamize. Chimene mungapambane nacho ndi china. Taganizani munthu wa ku Domue amene akugwira mashifiti ku Moatize, mkazi ndi ana ali ku Ulongwe makilomita opitirira 200, amawaona kamodzi pamwezi, munda wa mbatata akulimitsa pafoni ndipo aganyu akumunamiza, mayi ake akukalamba, mwezi wa October mu Tete kutentha kumapitirira madigiri 40 iye anakulira kozizira. Munthu ameneyu mukamuuza kuti ntchito ili ku Ulongwe, azigona kwake tsiku lililonse ndipo depoti yonse idzakhala mmanja mwake, atha kuvomera malipiro ofanana ndi amene akulandira kapena otsikirapo pang'ono. Wina chimene chikumupweteka ndi choti zaka zonsezi amangolandira malamulo, akufuna pamene mawu ake adzamveke. Koma winanso ana ake ali pa sukulu yolipira mu mzinda, mkazi wake ali pantchito konko, ameneyo ngakhale mumupatse zingati sapita ku Furancungo, ndipo ndi bwino mudziwe lero.

Nchifukwa chake nkhani ikafika pakati, itanani ndi akunyumba kwake. Abwere aone nyumba, sukulu, chipatala, msika. Ntchito zambiri zimakanidwa kuchipinda usiku osati pa tebulo lanu.

Chachisanu ndi chimodzi, mufufuzeni ngakhale munamusaka nokha

Poti mwamuthamangira nokha pamakhala manyazi kumufunsa mapepala. Musachite manyazi. Onani masatifiketi enieni osati fotokope yokha. Ngati ndi kontabilista onani ngati ali mu OCAM, bungwe la makontabilista, injiniya ngati ali mu Ordem dos Engenheiros, bungwe la mainjiniya, ndipo pa mpando wogwira ndalama pemphani registo criminal, kalata yoonetsa ngati anapezekapo ndi mlandu. Mupempheni chilolezo choyankhula ndi anthu amene anagwira naye kale, koma kumene akugwira panopa musayerekeze kuyimbako, mungamuchotsetse ntchito musanamupatse ina.

Musafunse mabwana ake akale okha, funsaninso amene anali pansi pake, makaniko, kalaliki wa sitolo. Funso limodzi limene limagwira ntchito ndi ili: mutakhala ndi kampani yanuyanu mungamulembe? Mverani mmene yankho likubwerera, ngati pakhala kachete kaye kenako "aaa ndi munthu wabwino ndithu," funsaninso mwa njira ina.

Chinthu china, musamuuze kuti abwere ndi mndandanda wa makasitomala kapena mitengo ya kampani imene akuchoka. Zitha kukufikitsani ku khothi nonse awiri. Ndipo akadzipereka yekha kuti ndibwera nazo pa flash, mumuchotse pa mndandanda wanu, za kampani yanu adzazinyamulanso chimodzimodzi.

Ngati munthuyo ndi wa tsidya lina la malire

Kuno timayiwala msanga kuti wa ku Dedza kapena ku Ntcheu ndi mlendo pamaso pa lamulo, poti timayankhula chimodzi ndipo ena ndi asuweni athu enieni. Kuchokera pamene kwacha ya Malawi inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu November 2023, akatswiri ambiri a kumeneko amatchera khutu ukatchula malipiro a mmetikali, ndiye chiyeso chilipo. Koma lamulo la ntchito, Lei 13/2023 limene linalowa mmalo mwa la 2007, limaika malire a alendo pa kampani: yaikulu ya antchito opitirira 100 ndi 5 peresenti ya antchito onse, yapakati 8, yaing'ono 10, yaing'onoting'ono 15. Kontalakiti ya mlendo imakhala ya nthawi yoikika, yosapitirira zaka 2 koma yotheka kuwonjezera, satifiketi yake ya kunja ifunika equivalência, kutanthauza kuti boma liivomereze kuti ikufanana ndi ya kuno, ndipo pali za visa ndi chilolezo chokhalira. Izi yambani msanga ndi loya kapena munthu wozolowera, zimatenga nthawi. Ganiziraninso Chipwitikizi. Woyang'anira alimi atha kuyenda ndi Chichewa chokha, koma wa za ndalama amene azikakumana ndi a msonkho a Finanças, a penshoni a INSS ndi a inspecção oyendera malo antchito popanda Chipwitikizi mudzangomulembera womasulira.

Chachisanu ndi chiwiri, malipiro alembedwe

Mukagwirizana, mvanani bwino ngati mukunena ndalama yonse kapena yolowa mthumba. Apa anthu amakangana kwambiri mwezi woyamba. Wantchito amadulidwa 3 peresenti ya INSS, inu mumaonjezera 4, ndipo msonkho wa pa malipiro wa IRPS kwa olandira zambiri umakafika mpaka 32 peresenti pa gawo la pamwamba. Ndiye mulembereni zonse ziwiri pa pepala aone. Mufunseninso zimene akutaya posamuka, nyumba ya kampani, inshuwalansi ya chipatala ya banja lonse, galimoto, mafuta, bonasi ya kumapeto kwa chaka. Ya chipatala ija anthu ochokera ku migodi amaiwerengera kwambiri, musaione yaing'ono.

Pa maudindo a utsogoleri lamulo limalola nthawi yoyeserera mpaka miyezi 6. Koma dziikeni mmalo mwake, akusiya ntchito yokhazikika chifukwa inu mwamuitana, kenako mukuti tikuyesani kaye theka la chaka. Mutha kuifupikitsa mu kontalakiti, ndipo ndi chinthu chimene chimamugwetsa mtima pansi kuposa kumuonjezera ndalama pang'ono. Chachikulu, asalembe kalata yosiya ntchito asanagwire kontalakiti yosayinidwa ndi inu. Za pakamwa ayi.

Chachisanu ndi chitatu, masiku a notisi

Apa mpamene ambiri amataya munthu atamupeza kale. Akangopereka kalata, bwana wake amuitana mu ofesi, atseka chitseko, amuuza kuti bwanji simunanene, tikukwezerani malipiro, mpando uja tinkaganizira inu. Muchenjezeni zisanachitike. Mufunseni muli awiri kuti akakuonjezerani ndalama mudzatani, ndipo mukumbutseni zifukwa zimene ananena yekha, ana ku Ulongwe, mawu ake osamveka, poti ndalama yoonjezerayo sisintha zimenezo. Inu musalowe mpikisano wokweza mitengo, mukaonjezera kamodzi pa chifukwa chomveka zakwana.

Mulekeni amalize notisi yake yonse monga mwa kontalakiti ndi lamulo, asiye zinthu mwadongosolo. Musamukakamize kuthawa pakati pa mwezi, kampani imene akuchokayo mwina mawa ndi kasitomala wanu, mudzakumana pa tenda ya bizinesi kapena pa maliro. Mmasabata amenewa muzimuyimbira, mutumizireni mapepala oti aziwerengeratu, nyumba ikhale yokonzeka.

Chomaliza ndi cha mnyumba mwanu momwe. Pali munthu pa kampani panu amene ankaganiza kuti mpandowo ndi wake, mwina wakhala nanu kuyambira muli ndi thiraki imodzi. Muyitaneni payekha watsopanoyo asanafike, mumuuze chifukwa chake, ndi chimene iye apeze, kaya maphunziro, kaya kaudindo kena, apo ayi adzamubisira mafayilo ndi kumuyambanitsa ndi madalaivala. Tsiku loyamba muonetseni nokha watsopanoyo kwa onse nkunena poyera zimene ali ndi mphamvu yogamula, ndipo dalaivala akakudutsirani kudzadandaula kwa inu mumubwezere kwa shefe wake. Khalani naye pansi sabata iliyonse miyezi itatu yoyamba muli ndi pepala lija la mavuto. Awiri kapena atatu aja munakumana nawo koma simunawatenge, ayimbireni nokha muwauze kuti mwasankha wina, muwathokoze, ndipo nambala zawo musafufute.